Mutu woyambira m'khosi: kodi manja a dokotala wa mafizo angauthetse?

Funso

"Ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala ku Lizulu ndipo ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Chaka chino ndi chachiwiri mutu ukundisautsa. Umayambira kunkhongo, mbali ya kumanja, kenako umakwera n'kudzakhazikika pa diso la kumanja lomwelo. Ukandigwira ndimalephera kucheuka bwinobwino, moti kasitomala akandiitana ndimachita kutembenuka thupi lonse. Umakula kwambiri ndikasoka nthawi yaitali, makamaka nyengo ya mayunifolomu, komanso ndikasenza ndowa kuchokera kumjigo. Kuchipatala andiyeza malungo kangapo koma sawapeza, BP nayo akuti ili bwino. Panado ndimamwa pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina ndimagula indosidi. Apongozi akuti ndikatemere mphini, pamene alamu anga akuti kuli bambo wina amene amapotokola khosi mpaka limveke kulira, mutu n'kutheratu. Ndamvanso kuti a mafizo amachiza mutu ndi manja. Kodi zimenezi n'zoona, ndipo n'zosaopsa? Usiku ndimaganiza kuti mwina ndili ndi chotupa m'mutu."

Yankho

Zikomo mayi chifukwa cholongosola vuto lanu momveka bwino chonchi. Ndiyambe ndi zimene zikukusowetsani tulo. Mutu umene watha zaka ziwiri ukubwera ndi kupita, umene umagwira mbali imodzimodzi, umayambira kunkhongo, ndipo umadzutsidwa ndi ntchito zimene zimalemetsa khosi, kawirikawiri sukhala wa chotupa. Mutu wa chotupa umakonda kukulirakulira sabata ndi sabata, ndipo umabwera ndi zinthu zina monga kusanza m'mamawa, kukomoka, kufooka kwa mkono kapena mwendo, ndi kusokonezeka kwa maso. Inu simunatchule chilichonse mwa zimenezi. Munthu sapimidwa pa kalata, choncho mufunikabe kuonedwa ndi kugwiridwa ndi wachipatala, koma zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi mutu umene gwero lake lili m'khosi, umene m'mabuku azachipatala umatchedwa cervicogenic headache. Dzinali analipereka ndi dokotala wa ku Norway, Ottar Sjaastad, pamodzi ndi anzake mu 1983, ndipo pa mitundu yonse ya mutu, umenewu ndi umodzi mwa imene imamva bwino chithandizo cha manja.

Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuti ululu umene akuumva pa diso ukuchokera m'khosi. Khosi lili ndi mafupa 7 osanjikizana, ndipo atatu apamwamba ndiwo amakhudzana kwambiri ndi nkhani yathuyi. Fupa loyamba limanyamula chibade, lachiwiri lili ndi kamsonga kamene loyambalo limazungulirapo, ndipo pafupifupi theka la kucheuka konse kumene munthu amachita kumachitikira pakati pa mafupa awiri amenewa. Fupa lililonse limalumikizana ndi linzake pa timfundo ting'onoting'ono kumanja ndi kumanzere, ndipo pamwamba pake pali timinofu tifupitifupi timene timagwira mutu kuti usagwedezeke. Mitsempha imene imanyamula uthenga wa ululu kuchokera ku timfundo ndi timinofu timeneti imakalowa pamalo amodzi ndi mtsempha waukulu umene umanyamula uthenga wochokera pamphumi, m'litsipa ndi pa diso. Zili ngati midzi iwiri imene imatuma mthenga mmodzi kwa amfumu: uthenga wa zovuta ukafika usiku, amfumu akhoza kutumiza anthu kumudzi wolakwika. Ubongo nawo umalandira ululu wochokera m'khosi n'kuuyesa wa pa diso. Kafukufuku wa Nikolai Bogduk ndi anzake ku Australia anasonyeza kuti kamfundo ka pakati pa fupa lachiwiri ndi lachitatu ndiko kamapezeka kolakwa kawirikawiri, makamaka mwa anthu amene anachitapo ngozi ya pamsewu.

Mutu wotere uli ndi makhalidwe ake. Sukonda kusamuka, ngati ndi wa kumanja umakhala wa kumanja. Umayambira kumbuyo n'kumapita kutsogolo. Umadzuka khosi likakhala pamalo amodzi nthawi yaitali kapena likatembenuzidwa mwanjira inayake, ndipo wina akadina ndi chala pansi pa chibade, mbali yodwalayo, mutu womwe uja umabwera. Nthawi zina phewa ndi mkono wa mbali imeneyo zimalemera. Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa ndi pamene ngakhale ife azachipatala timasokonezekera. Mutu waching'alang'ala nawonso umapweteketsa khosi mwa anthu ambiri, koma uwo umagunda ngati mtima, umabwera ndi nseru kapena kusanza, munthu amadana ndi kuwala ndi phokoso, amafuna kukagona m'chipinda cha mdima, ndipo ukhoza kugwira kumanja lero, kumanzere mwezi wa mawa. Palinso mutu umene umamanga mbali zonse ziwiri ngati duku lothina, umene umayenderana ndi kutopa, nkhawa ndi kusagona mokwanira. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mitundu iwiri nthawi imodzi. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa mutu waching'alang'ala uli ndi mankhwala akeake, ndipo kuutikita khosi kokha kungachepetse ululu pang'ono popanda kuthetsa vutolo.

Ntchito yanu ikufotokoza zambiri. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Ukakhala pamwamba pa mapewa bwinobwino, khosi siliumva kulemera, koma telala akamayang'ana singano amaweramitsa msana n'kukankhira chibwano kutsogolo, ndipo kuti maso aonebe nsalu, mafupa apamwamba aja amapindikira kumbuyo n'kupanikizana. Timinofu ta pansi pa chibade timakhala tokungika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pamene minofu yakuya ya kutsogolo kwa khosi, imene ntchito yake ndi kuchirikiza mafupawo, imafooka chifukwa chosagwira ntchito. Pa msinkhu wanu palinso chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zapafupi, ndipo telala amene akulimbana ndi kulowetsa ulusi pa singano amasuzumira kwambiri osadziwa. Ndaonapo amayi ndi abambo osoka amene khosi lawo linayamba kupepuka atangopeza magalasi owerengera, choncho mukapita kuchipatala mukapemphenso kuti akuyezeni maso.

Ndowa ya malita 20 ikadzaza imalemera makilogalamu 20, kutanthauza kuti khosi limene latopa kale ndi makina likunyamula katundu woposa mutu wanu kanayi. Kusenza pakokha sikuti ndi mlandu, amayi ambiri asenza moyo wawo wonse popanda vuto. Choopsa chimakhala pa nthawi yotukula ndi yotula, makamaka munthu akamadzitwika yekha khosi litapendekeka, komanso pocheuka katundu ali pamutu, monga podumpha msewu wa M1 pa tsiku la msika. Zimenezi ndimazionanso mwa anyamata onyamula matumba a mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Bembeke, mwa oyendetsa kabaza, mwa aphunzitsi ochonga makope mpaka usiku, ndiponso mwa achinyamata amene amakhalira kuwerama pa foni. Ena vuto lawo linayamba ndi ngozi ya minibasi kapena kugwa pa njinga zaka zambiri zapitazo, zimene anaziiwala kale. Kuzizira kwa kuno kwathu m'miyezi ya June ndi July sikuyambitsa matendawa, koma munthu amene wakhala pakhonde mphepo ikuomba amadzikunga mapewa tsiku lonse, ndipo madzulo mutu umakhala utakula.

Tisanafike pa manja, pali mitu imene siyenera kutikitidwa kapena kudikiridwa ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikufuna kuti mbali ino muiwerenge pamodzi ndi a m'banja mwanu. Mutu umene wabwera mwadzidzidzi ndi ululu woopsa umene simunaumvepo chibadwire. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi moti chibwano chikukana kufika pachifuwa. Mutu wotsagana ndi kufooka mbali imodzi ya thupi, kupindika kamwa, kulankhula mododa, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusokonezeka maganizo kapena kukomoka. Mutu umene wayamba munthu atamenyetsa mutu kapena khosi. Zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Mayi woyembekezera amene akumva mutu waukulu, makamaka nkhope kapena manja zikatupa ndipo maso akuchita chidima, apite kukayezetsa BP tsiku lomwelo. Munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, makamaka amene sanayambe ma ARV kapena anawasiya, akamva mutu wosatha kwa masiku angapo asaganize za khosi msanga, chifukwa pali matenda oumitsa khosi amene amayamba pang'onopang'ono, nthawi zina thupi osatentha n'komwe, ndipo amapha akachedwa kupezeka. Chimodzimodzinso munthu amene akuonda, akutuluka thukuta usiku ndipo khosi likumupweteka ngakhale atagona, chifukwa TB imatha kugwira mafupa a msana ndi khosi. Amene wapitirira zaka 50 ndipo wayamba mutu wachilendo, nayenso ayambe waonedwa ndi dokotala. Munachita bwino kuyezetsa malungo, ndipo tsiku lililonse limene mutu wabwera ndi kutentha thupi muziyezetsabe.

Mukafika kwa ife a mafizo, amene timachiza ndi manja ndi masewera olimbitsa thupi, musadabwe kuti nthawi yambiri ya tsiku loyamba idzathera pa mafunso. Adzafuna kudziwa pamene mutu umayambira, utali umene umakhala, chimene chimaudzutsa, mankhwala amene mumamwa, ngozi zakale, ndiponso ngati mumamva chizungulire kapena dzanzi. Kenako adzakuonani mmene mumakhalira pampando, mmene mumacheukira, n'kuyeza mphamvu za manja anu. Pali kupima kumodzi kumene ndimakudalira kwambiri. Wodwala amagona chagada, ine ndimaima kumutu kwake, n'kunyamula mutu wake m'manja mwanga onse awiri, n'kuuweramitsa pang'onopang'ono mpaka chibwano chiyandikire chifuwa. Khosi likapindika chotero, mafupa a m'munsi amatsekeka, ndipo ndikatembenuza mutu kumanja ndi kumanzere, kuyenda kumene kwatsala ndi kwa mafupa awiri apamwamba aja. Khosi labwino limapita pafupifupi madigiri 45 mbali iliyonse, kutanthauza theka la mtunda wochokera kutsogolo kukafika paphewa. Mwa munthu amene vuto lake lili pamenepo, mbali imodzi imapita bwino pamene inayo imaima msanga ngati yagunda khoma, ndipo nthawi zambiri wodwala amati, "Eya, ndi umenewo mutu wanga uja." Pambuyo pake ndimamugoneka chafufumimba n'kumadina kamfundo kalikonse ndi zala zazikulu, kufunafuna kamene kauma ndi kamene kakuitana mutuwo.

Ambiri amabwera akufuna kujambulidwa, ndipo amakhumudwa akauzidwa kuti sikofunika. Chithunzi cha X-ray sichionetsa ululu. Anthu ochuluka a msinkhu wapakati amene alibe vuto lililonse akajambulidwa amapezeka kuti mafupa a khosi lawo ayamba kuperepeseka, ndipo ena amene mutu ukuwazunza chithunzi chawo chimatuluka chabwinobwino. Kujambula kumafunika pamene panachitika ngozi, pamene tikukayikira TB, khansa kapena nyamakazi yotupitsa mfundo, kapena pamene chithandizo chakanika.

Chithandizo cha manja chenicheni chili m'njira zingapo. Yodziwika kwambiri ndi yogwedeza kamfundo kouma kaja pang'onopang'ono, njira imene anaikhazikitsa ndi Geoffrey Maitland wa ku Australia. Zala zimakankha fupa pang'ono n'kulisiya, kukankha n'kulisiya, mwakachetechete, kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi, kenako timaonanso ngati kucheuka kwawonjezeka. Wodwala amakhala ndi mphamvu yonena kuti tisiye nthawi ina iliyonse. Njira ina ndi ya Brian Mulligan wa ku New Zealand, imene wodwala amakhala pampando, dokotala n'kugwiriziza fupa ndi chala pamene wodwalayo akutembenuza mutu yekha, ndipo lamulo lake ndi lakuti pasamveke ululu. Ukamveka ndiye kuti chala chili polakwika kapena njirayo siyoyenera munthuyo. Timatikitanso ndi kumasula timinofu ta pansi pa chibade ndi ta pamapewa, ndipo kawirikawiri timagwiranso msana wa pakati pa mapewa, chifukwa ukauma umakakamiza khosi kugwira ntchito ya awiri. Mukachoka pamenepo n'zotheka kumva kuphwanya m'khosi kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimenezo si zodetsa nkhawa.

Kodi zimathandizadi? Kafukufuku amene ambiri a ife timamudalira ndi wa Gwendolen Jull ndi anzake a ku Australia, amene anasindikizidwa mu 2002. Anatenga anthu 200 odwala mutu woterewu n'kuwagawa m'magulu anayi: ena analandira chithandizo cha manja, ena anaphunzitsidwa masewera olimbitsa minofu yakuya ya khosi ndi ya mapewa, ena analandira zonse ziwiri, ndipo ena sanalandire chilichonse mwa izi. Chithandizo chinatenga masabata 6. Amene analandira manja ndi amene anachita masewera, mutu wawo unachepa kubwera kwake ndi ukali wake kuposa gulu losalandira kanthu, ndipo atawaonanso patatha miyezi 12 phindulo linali likadalipo. Chimene ine ndimatolapo, ndiponso chimene ndaona pa ntchito, ndi chakuti manja amamasula pamene pauma ndi kuziziritsa ululu msanga, koma ngati minofu ikhalabe yofooka ndipo munthu abwerera pa mpando womwe uja ndi kakhalidwe komwe kaja, mutu umabwereranso. Wa mafizo amene amangokutikitani ulendo uliwonse osakuphunzitsani chochita kunyumba akukupatsani theka la mankhwala.

Za bambo amene alamu anu akumutchulayo, yankho langa ndi lakuti musapiteko. Kuliza khosi mwa kulitembenuza mofulumira ndi njira imene ilipodi m'zachipatala, ndipo ena ophunzitsidwa bwino amaigwiritsa ntchito atamupima munthu mosamala, koma phokoso limene limamvekalo si fupa limene labwerera m'malo mwake, monga ambiri amakhulupirira. Ndi mpweya chabe wa m'madzi a m'kamfundo, monga zimachitikira poliza zala. Munthu amamva kupepuka kwa kanthawi, kenako amabwereranso kukalizitsa. Choopsa n'chakuti m'timabowo ta mafupa a khosi mumadutsa mitsempha iwiri ya magazi yopita kumbuyo kwa ubongo, ndipo imakhota kwambiri pa mafupa awiri apamwamba, pamalo omwewo pamene khosi limapotokolerapo. Kupotokola kwamphamvu kukhoza kung'amba khungu la m'kati mwa mtsempha, magazi n'kuundana, munthu n'kuchita sitiroko ngakhale ali wachinyamata. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimasiya munthu wolumala kapena kumupha. Palinso anthu amene mtsemphawo unayamba kale kung'ambika, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi kupweteka kwa khosi ndi mutu kwachilendo. Wosaphunzira sangathe kuwazindikira. Popeza njira zofatsa zija zimathandizanso bwino, ine sindiona chifukwa choikira moyo pachiswe, ndipo khosi la pamwamba sindiliza.

Pali anthu amene ngakhale kwa katswiri ayenera kugwiridwa mosamala kwambiri, ndipo ena osalizidwa khosi n'komwe: odwala nyamakazi imene imatupitsa ndi kupinda zala, anthu amene mafupa awo anafooka chifukwa cha ukalamba kapena mankhwala monga prednisolone omwedwa nthawi yaitali, amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, amene ali ndi khansa kapena TB ya mafupa, anthu obadwa ndi vuto lotchedwa Down syndrome, ndi amene achita ngozi posachedwa. Ndipo aliyense amene akugwiridwa khosi, akangomva chizungulire chachikulu, nseru, dzanzi kumaso kapena pa milomo, kuvutika kumeza kapena kulankhula, kapena maso kusokonezeka, anene msanga kuti asiyidwe ndipo aonedwe ndi dokotala.

Apongozi anu akukufunirani zabwino, ndipo muwayankhe mwaulemu, koma mphini za m'litsipa kapena kunkhongo sizifika pa kamfundo kamene kali pansi pa minofu. Zimangowonjezera chiopsezo cha mabala olowa tizilombo, komanso HIV ndi matenda a chiwindi ngati lezala lagwiritsidwapo kale ntchito pa munthu wina.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mankhwala. Munthu amene amamwa panado, bulufeni, asipirini kapena indosidi masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi yopitirira itatu, akhoza kuyamba mutu wina umene umabwera chifukwa cha mankhwalawo. Kwa mankhwala osakaniza, monga amene ali ndi codeine kapena caffeine, malire ake ndi masiku 10 okha. Mutu umenewu umakonda kudzutsa munthu m'mawa, amamwa piritsi, umatsika, mphamvu ya piritsi ikatha umabweranso, ndipo zimangozungulira choncho. N'kutheka kuti pamwamba pa mutu wa khosi mwasanjikizapo umenewu, ndipo ngati zili choncho manja okha sangaumalize. Kambiranani ndi dokotala za kusiya kumwa tsiku ndi tsiku, ndipo dziwiranitu kuti sabata yoyamba kapena yachiwiri mutu umayamba wakula usanatsike. Cholinga chikhale chakuti musamapitirire masiku awiri kapena atatu pa sabata. Indosidi wogula popanda uphungu ndiye musiyiretu, chifukwa iye ndi bulufeni amayambitsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndipo amakweza BP akamwedwa nthawi yaitali. Panado nayenso ali ndi malire: munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku.

Pali zimene mungayambe kunyumba podikira kuonedwa, malinga ngati mulibe zizindikiro zoopsa zija. Gonani chagada pamphasa, mawondo atapindidwa, ndipo ikani chitenje chopinda pansi pa mutu kuti nkhope iyang'ane kudenga molunjika. Lilime likhale kumwamba kwa kamwa, mano asalumane. Kenako gwedezerani mutu pang'ono kwambiri, monga mmene mumavomerera mawu a munthu wamkulu mwakachetechete, popanda kuutukula pa chitenje. Ikani zala m'mbali mwa khosi: ngati mukumva minofu ikuluikulu ya pamenepo ikuuma ngati zingwe, mwapitirira muyeso, bwererani pang'ono. Gwirani pamenepo masekondi 10 mukupuma bwinobwino, masulani, ndipo bwerezani ka 10, m'mawa ndi madzulo. Masewerawa amaoneka achibwana, ndipo abambo ambiri amawanyoza chifukwa satulutsa thukuta, koma ndi omwewa amene anagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku uja. Achiwiri ndi a mapewa: mutakhala pampando, dziwongoleni kuyambira m'chiuno, kokerani mapewa kumbuyo ndi pansi pang'ono, talikitsani kunkhongo ngati wina akukukokani tsitsi la pakati pa mutu, gwirani masekondi 10. Amenewa muzichita kangapo pa tsiku muli pa makina pomwepo. Pali njira inanso yogwiritsa ntchito mphepete mwa thaulo pothandiza khosi kucheuka, imene imathandiza kwambiri anthu a vuto ngati lanu, koma imeneyo mudikire kuti akuonetseni ndi manja, chifukwa thaulo likakhala pa fupa lolakwika limadzutsa mutu. Kuthowa kunkhongo ndi kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi 15 madzulo kumapepuza, bola madziwo asakhale owotcha. Masewera alionse akabweretsa chizungulire, dzanzi m'manja kapena mutu wokula umene sukutsika, asiyeni mpaka muonedwe.

Pa ntchito, yang'anani mpando wanu. Matelala ambiri amakhala pa benchi yopanda choyedzamira kapena pa kampando kotsika kwambiri, kutali ndi makina. Sendezani mpando kuti mimba iyandikire thebulo, singano ikhale moyang'anizana ndi pakati pa thupi lanu, zigongono zikhale pafupifupi pa mulingo wa thebulo, ndipo ikani nsalu yopinda kumsana wa m'munsi ngati pali choyedzamira. Tembenuzani makina kuti kuwala kugwere pa singano, chifukwa mdima ndiwo umakoka chibwano. Pakatha mphindi 30 zilizonse imirirani, ngakhale kwa mphindi imodzi. Ndikudziwa kuti nyengo ya mayunifolomu makolo amakhala ataima pomwepo akudikira, choncho sakanizani ntchito: mukasoka pang'ono, imirirani mudule nsalu kapena musite, kenako mubwerere. Pa masabata amene mukulandira chithandizo, madzi atungidwe ndi ena kapena muzisenza ndowa yosadzaza, nkhata ikhale yokhuthala, wina azikutwikani ndi kukutulani, ndipo mukafuna kucheuka muzitembenuka ndi mapazi. Usiku pewani kugona chafufumimba, chifukwa khosi limakhala lopotoka maola ambiri. Pogonera m'mbali pilo adzaze mpata wa pakati pa khutu ndi phewa, ndipo pogona chagada akhale mmodzi wosatalika. Kolala yomanga m'khosi musagule, imangowonjezera kufooka kwa minofu.

Poyambira ndi pa chipatala chanu chaching'ono. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, ndipo fotokozani monga mmene mwandilembera ine, osangoti "mutu ukundipweteka", chifukwa mawu amenewo okha amathera pa kuyeza malungo ndi panado. Nenani kuti umayambira m'khosi, ndi wa mbali imodzi, watha zaka ziwiri, ndipo pemphani kalata yopita kwa a mafizo pa chipatala cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza. Ngati pangafunike kuunika kwina, iwo akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene kuli dipatimenti ya mafizo ndi madokotala a mafupa. Mukasankha kupita kwa wolipira, muli ndi ufulu wofunsa ngati analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi funso limenelo. Kuyambira lero lembani m'kope tsiku lililonse limene mutu wabwera, utali umene wakhala, ntchito imene munagwira ndi mapiritsi amene mwamwa, chifukwa kope limenelo ndilo lidzasonyeze ngati chithandizo chikugwira.

Ngati mtunda ndi ndalama ya minibasi sizikulolani kupita kawirikawiri, nenani poyera tsiku loyamba, kuti akuphunzitseni masewera mokwanira ndi kukupatsani masiku otalikirana. Nthawi zambiri kusintha kumayamba kuoneka mkati mwa maulendo atatu kapena anayi, poyamba pa kucheuka, kenako pa kuchepa kwa masiku a mutu. Masewera apitirire miyezi ingapo ngakhale mutu utasiya. Koma ngati patha masabata 6 mukuchita zonse mokhulupirika, mankhwala mwachepetsa, ndipo palibe chimene chasintha, kapena mutuwo wasintha khalidwe, wayamba kukudzutsani usiku, kapena dzanja layamba dzanzi ndi kugwetsa sizasi, bwererani kwa dokotala kuti akuunikeninso kuyambira pachiyambi, chifukwa pamenepo tiyenera kuganiziranso za mutu waching'alang'ala, mtsempha wopanikizika m'khosi, kapena chifukwa china chimene chikufuna kujambula.